Maikolofoni Yosamva Amayi

Ntchito yanga ndi mawu. Mukamva pa wailesi mzimayi akukuuzani kuti muzisamba m'manja, kapena kuti mbewu yakutiyakuti imacha msanga, mwina ndi ine. Kale ndinkajambulira mawu amenewa ku Lilongwe, m'chipinda chozizira cha zitseko ziwiri. Kenako amayi anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo za amene akawadwazike sizinachite kukambidwa. Alongo anga atatu onse ali kuchikamwini, mwana wamkazi ndine ndekha. Ndinanyamula laputopu ndi zovala n'kubwerera kwathu kwa Maganga, ndikuti ndi za mwezi umodzi. Mvula yagwa kawiri ndili pompano.

Amayi sayenda okha. M'mawa ndimawasambitsa n'kuwakhazika pamkeka pakhonde, atatsamira khoma. Khonde lathu linayang'ana kumadzulo, choncho dzuwa likangopendeka limafika pomwepo, ndipo ndimawanyamula kupita nawo pansi pa mtengo wa mango kuseri. Ulendo wanga ndi wa kumjigo, kuchigayo ndi kuchipatala basi. Ndinasanduka mbuzi ya pachingwe, ndipo masiku ena ndinkadana ndi nyumba imene ndinabadwiramo.

Chimene chinatsala changachanga ndi ntchito ija. Mayi wina wa kampani yokonza mauthenga a pa wailesi ankanditumizira zoti ndiwerenge, ine n'kujambula n'kumutumizira pafoni. Ikanandithera imeneyo, ndikanangokhala wochapa zofunda, osatinso china.

Vuto linali maikolofoni yanga. Inali ya mtundu umene amati kondensa, yonyezimira bwino, koma khutu lake la mfiti. Tambala wa kwa aneba inkamumva. Mwera ukamawomba malata inkaumva. Akabaza, amayi otsatsa usipa, kuitanira mapemphero kumzikiti, zonse inkatola n'kuziika pambali pa mawu anga. Ndinayamba kujambulira mu wadiropu, nditafunda bulangete, mwezi wa Okutobala, ku Salima kuno! Thukuta linkadontha papepala mpaka zilembo kufufutika. Ndiye ndikangotsala pang'ono kumaliza chiganizo chomaliza, kuchokera pakhonde kunkamveka kuti, "Iwe! Timadzi."

Tsiku lina mayi wa kampani uja anandilembera kuti, "Mawu anu ndi abwino, koma kumbuyo kwanuko kukumveka mudzi wonse. Zikabweranso chonchi tipeza wina." Ndinawerenga ndili mu wadiropu momwemo. Nthawi yomweyo amayi anatsokomola n'kundiitana. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba.

"Amayi, ndikatseka chitsekochi muzikhala chete! Mukufuna andichotse ntchito?"

Anayankha ndi mbali ya pakamwa imene imagwirabe ntchito. "Ndamva, mwananga." Manyazi anandigwira, koma sindinapepese.

Ndinamva kuti ku Khombedza kuli bambo wina wobwereketsa zoimbira pa maukwati, wodziwa bwino zinthu zimenezi. Ndinapempha mayi wa nyumba yoyandikana nafe kuti andionereko odwala, ndipo ndinakwera njinga mpaka paboma, kenako minibasi. Bamboyo atangoona maikolofoni yanga anaseka.

"Achemwali, iyi ndi ya miseche. Imafuna chipinda chotseka ngati bokosi. Kumudzi kuno ikupweteketsani mutu."

Anatulutsa ina yakuda, yophwanyika pamphuno chifukwa chogwetsedwa ndi anthu oledzera paukwati. Anati mtundu wake ndi dayinamiki.

"Iyi ndi gonthi. Imamva yekhayo amene waiyandikira, zala ziwiri kuchokera pakamwa. Mukatalikira pang'ono, yakuiwalani. Za kumbali ndi kumbuyo ilibe nazo ntchito."

Ine sindikhulupirira za pakamwa, ndiye tinayesera pomwepo m'mphepete mwa msewu, makondakitala akukuwa, chigayo chikulira. Nditamvetsera, mawu anga anali patsogolo, onenepa bwino, ndipo msika wonse unkamveka ngati uli kutsidya. Anandilangiza kuti ndifune yokhala ndi chingwe cholowa mu laputopu mwachindunji, yosafuna kabokosi kena kamagetsi, komanso ndiiveke kasiponji kuti mpweya wa pakamwa usamaphulike. Ndinaitanitsa yotero kuchokera kutauni, ndipo inabwera pa minibasi sabata yotsatira.

Inagwira ntchito. Wadiropu ndinaibwezera zovala zake, bulangete ndinalichapa n'kulisunga. Mayi wa kampani uja atamva uthenga woyamba anandifunsa ngati ndabwerera ku Lilongwe. Ndinakondwa mpaka kuvina ndekha m'chipinda. Koma amayi sindinawauze kuti tsopano akhoza kumaitana. Ndikhoza kunena kuti ndinaiwala, koma kungakhale kunama. Bata lija linkandikomera. Ndikatseka chitseko n'kuvala mahedifoni, kwa kanthawi ndinkakhala munthu wopanda wodwala.

Chakumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe, inabwera ntchito yaitali ya mauthenga a ulimi. Ndinawakhazika amayi pakhonde pali mthunzi, kapu ya madzi pambali pawo, n'kutseka chitseko. Mawu anali kutuluka bwino tsiku limenelo. Ndinkajambula, kumvetsera, kubwereza pomwe lilime laterereka, kenako uthenga wina. Palibe chimene chinandisokoneza, ndipo sindinadabwe nazo.

Nditatsegula chitseko, kuwala kunandithobwa m'maso. Dzuwa linali litadzaza khonde lonse, ndipo sikuti linali litangofika kumene. Amayi anali pomwe ndinawasiya, atapendekera kumbali yakufa ija, diresi litanyowa ngati awathira madzi. Kapu inali itagubuduzika n'kukaima pomwe sakanaifikira. Ndi dzanja labwino lija anali atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, kuti chifuwa chisamveke.

"Amayi! Bwanji osandiitana?"

Anachotsa chitenje pakamwa. Milomo inali itauma gwa. "Unatseka chitseko."

Ndinawanyamula kupita nawo pansi pa mango, thupi lawo likutentha ngati mbaula. Ndinawamwetsa madzi pang'onopang'ono, n'kuwapukuta ndi nsalu yonyowa, misozi yanga ikungotsika yokha. Atapezako bwino ndinawauza zonse: kuti ndinagula maikolofoni ina kalekale, kuti yatsopanoyi simva za kutali, kuti akhoza kuitana, kutsokomola, ngakhale kuimba nyimbo za kumpingo, palibe chingawonongeke. Anati ndikaitenge aione. Anaigwira ndi dzanja limodzi n'kuitembenuza uku ndi uku, monga ankachitira akamasankha chinangwa pamsika.

"Ndiye kuti ndikaitana, ichi sichimva?"

"Sichimva ngakhale pang'ono."

"Nanga iweyo, utavala zija za m'makutu, undimva bwanji?"

Sanafunse mokalipa. Ankangofuna kudziwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndimajambula chitseko chili pululu, khutu limodzi lokha lili mu hedifoni. Maikolofoni ilibe nazo kanthu, ndipo ntchito ndikadali nayo. Koma nthawi zambiri ndimaima pakati pa chiganizo n'kutchera khutu kukhonde. Ndawauza kambirimbiri kuti aziitana, iwo n'kuvomera kuti amva. Akangondiona ndakhala pampando wojambulira, amakokera nsonga ya chitenje pafupi ndi pakamwa, n'kudikira kuti ndimalize.