Fulashi ya Pakhosi pa Efren

Mumsika wa La Paz ku Iloilo, kuseri kwa amayi ophika msuzi wa nyama wotchedwa batchoy, kuli kashopu ka Efren Gallenero kokonzeramo makompyuta. Anthu ena pakhosi amavala korona, koma Efren amavala fulashi yomangirira pachingwe cha nsapato, ndipo m'fulashimo muli Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yopikisana ndi Windows. Mukamupatsa kompyuta kuti angochotsamo fumbi, imabwerera kwanu yopanda fumbi, yopandanso Windows, pachivundikiro atamatapo kambalame kamimba kaja kotchedwa pengwini.

Tinene zoona, ntchito amaidziwa. Laputopu imene mwini wake anaitaya kale mtima, Efren amaidzutsa. Osewera magemu amabwera nkhope zili gwa, ati mawu sakumveka, ati chithunzi chikudumphadumpha, iye n'kuwafunsa funso lake lomwe lija.

"Yalemba chiyani pa sikirinipo?"

"Sindinawerenge, Manong, ndinangotseka," amayankha choncho, Manong kukhala ngati kunena kuti achimwene.

"Ndiye ukufuna ndilote? Kompyuta ikukuuza pamene pakuiwawa, iwe n'kuitseka pakamwa!"

Malangizo ake ndi abwino ndithu. Usasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Lamulo lotola pa intaneti usalilembe ngati sukulimvetsa. Chinthu cha mwini usachigwire usanafunse. Tsoka lake, malangizowa ankangogawira ena. Atawaikira Linux, azakhali ake anatha nyengo yonse yamvula pirinta itakana kusindikiza, ndipo akadandaula yankho linali limodzi: "Kwanga ikugwira bwinobwino." Moyang'anana ndi shopu ya Efren muli Nestor Buenaflor, woika Windows, ndipo awiriwa moni wawo wam'mawa ndi chipongwe.

Ndiye Efren anagwa m'chikondi ndi Cherrylyn Jamandre, wogulitsa mankhwala mufamase. Mtsikanayo analola, koma bambo ake, Tatay Teodulo, amene anakalambira pa chiwongolero cha jipini, minibasi ya kumeneko, sananene inde, sananenenso ayi. Efren anatunga madzi pakhomopo, anakhoma malata, ananyamula matumba a mpunga mpaka msana kuwawa, koma mkuluyo ankangomutchulabe "mnyamata wa mawaya uja".

Loweruka lina m'mawa, Tatay Teodulo akunyamuka kupita kuukwati ku Guimaras, anatembenuka pakhomo.

"Iwe wa mawaya, kompyuta yangayo ikukwawa ngati nkhono. Uione. Ndibwera mawa."

Efren anatikita manja. Mwayi ndi uwu! Kompyutayo inangofunika kuichotsa zinyalala basi, koma fulashi ija inayamba kumuyabwa pakhosi. Anasunga zithunzi za banja pabwino, kenako anafafaniza zonse psiti, n'kuikamo Linux. Makinawo anayamba kuthamanga ngati atsopano. Anamatapo kambalame kake, n'kukhala pampando mwendo pamwamba pa unzake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Masana Cherrylyn ataweruka kuntchito, anayang'ana sikirini ija nthawi yaitali.

"Efren, gemu ya Tatay ili kuti?"

"Gemu? Mkulu ngati uja?"

Mtsikanayo anakhala pansi, manja ali m'mutu. Anamufotokozera kuti mchimwene wake, Rodel, anapita kukagwira ntchito mufakitale ku Taiwan atakangana koopsa ndi bambo ake pankhani yogulitsa jipini, ndipo kuchokera pamenepo pafoni salankhulana. Koma Lamulungu lililonse Misa ikatha, awiriwa amakumana mu gemu ya nkhondo ya pa intaneti, ija yosewera anthu anayianayi.

"Tatay kuwombera sadziwa, amangoyendetsa galimoto ya gululo. Rodel amati 'kumanzere, Tay,' iwo amati 'khala chete, woyendetsa ndine.' Kucheza kwawo konse n'komweko. Mawa akapanda kulowa, Rodel aganiza kuti amunyanyalanso. Ndipo iweyo, Efren, zikatero pakhomo pano usadzapondenso. Sindikuseka."

Efren anachita mantha enieni. Anakokera kiyibodi pafupi. Gemuyo inalowa bwino, inatseguka, kenako phwii, n'kuzima. Ulendo uno anawerenga zimene yalemba. Gemuyo ili ndi kapulogalamu kolondera obera masewero, ndipo kamlondako Linux sikaidziwa, kamangoitsekera chitseko. Anayesa uku, anayesa uko, osatheka.

Anafunsa pagulu la pa intaneti la anzake a Linux, pomwe iye amalemekezedwa ngati mphunzitsi. Wina anati asinthe mtundu wa Linux. Wina anati magemu otero ngosayenera munthu wanzeru, mkuluyo aphunzire tchesi. Wachitatu analemba kuti, "Kwanga ikugwira bwinobwino." Efren sankadziwa kuti mawu amenewa amawawa chonchi.

Kenako kunabwera wina ndi njira yopusitsira kamlonda kaja. Anati imagwira, koma akakugwira, dzina la wosewerayo amalitseka mpaka kalekale. Efren analemba lamulolo lonse, chala chili lendee pamwamba pa batani. Akadina, mwina Linux ipambana, Nestor osamva kanthu. Koma dzina limene akanaliika pachiswe silinali lake, linali la nkhalamba imene mwana wake imamupeza pamalo amodzi okhawo. Anafafaniza lamulo lija, anazula mawaya, n'kusenza kompyuta paphewa.

Ulendo wochokera pachipata cha msika kukafika kwa Nestor ndi waufupi, koma tsiku limenelo unatalika.

"Nestor, ndibwereke fulashi yako ya Windows."

Nestor anaika dzanja kukhutu. "Bwerezanso, m'bale wanga, makutuwa akalamba."

"Fulashi ya Windows."

"Amayi a batchoy, tasiyani miphikayo mubwere! Mlaliki wathu wabwera kudzabatizidwa!"

Amayi aja anabweradi, zipande zili m'manja. Nestor anakana kuigwira kompyutayo, anati Efren aike yekha ndi manja ake, iye azingoyang'anira. Ndiye poti munthu anali atatha zaka osagwira Windows, ankasochera paliponse. Akangoima, Nestor ankaweramira pafupi n'kufunsa mwaulemu wonse, "Yalemba chiyani pa sikirinipo, Manong?" Msika wonse unafa ndi phwete. Efren anameza zonsezo, anachotsa zinyalala zoyambira zokha kuti makina asakwawenso, anabwezeramo zithunzi ndi gemu, Cherrylyn n'kudzalowetsa dzina la bambo ake.

Lamulungu Misa itatha, Tatay Teodulo anavula nsapato, n'kukhala pakompyuta. Zomvera za m'makutu amati zimawayabwa, choncho mawu ankatulukira pa sipika, nyumba yonse ikumva. Efren anaima pafupi ndi chitseko, malo abwino othawira.

Gemu inatseguka. Kamlonda kaja kanawalola.

"Mwachedwa, Tay," anatero mawu a Rodel kuchokera ku Taiwan.

"Galimoto sichedwa, amachedwa ndi okwera. Kwera."

Kayendetsedwe kake mukanaona! Zipolopolo zikuvumba mbali zonse, mkuluyo ankaima pangodya iliyonse, kuimba hutala, kudikira ngati pali wina wotsalira.

"Tay, amenewo ndi adani!"

"Ndiye asakwere? Malo alipo kumbuyoko."

Rodel anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo Cherrylyn anathawira kukhitchini kukapukuta misozi. Chinthu chimenechi Efren anatsala pang'ono kuchifafaniza dzulo lake chifukwa chongofuna kuoneka wodziwa.

Masewero ali mkati, mkuluyo analoza ndi chibwano pambali pa kompyuta. Kambalame kaja kanali pompo, Efren anaiwala kukamatula.

"Iwe wa mawaya, kabakha aka n'kako?"

"N'kanga, Tatay. Ndinalakwitsa, ndina..."

"Ndamva kale. Amayi a batchoy anandichingamira nayo nkhaniyi pakhomo la tchalitchi. Ati Nestor anakuvinitsa mpaka msika kutseka." Maso sanawachotse pamsewu. "Rodel, mnzanu wachinayi uja anasiya, eti?"

"Anasiya, Tay. Tikusewera operewera."

"Lamulungu likubwerali alowa mlamu wako. Kuwombera kaya amatha, koma katundu amanyamula."

Mlamu! Madzi onse aja, malata onse aja, mawu amene Efren ankawadikira atulukira pakati pa nkhondo, mwini wake akuimba hutala. Chimwemwe chinamudzaza mpaka m'makutu. Kenako anakumbukira kanthu, nkhope n'kugwa.

"Tatay, kungoti gemuyi pa laputopu yanga siingatseguke. Muli Linux."

"Nestor amatsegula Lolemba," anatero mkuluyo, n'kukhotera kumanzere.

Lolemba m'mawa amayi a batchoy anaona Efren akuwoloka kanjira ka pakati pa mashopu awiri aja, laputopu yake ili m'khwapa, fulashi ataibisa mkati mwa malaya. Nestor anali atamuikira kale mpando.