Ndinawapatukira pa Lapu Yomaliza

Chaka chimene ndinali mu giredi naini, aphunzitsi athu a masewera anandisankha kuti ndikathamange mamita zikwi zisanu pa mpikisano wa masukulu ku boma la Chongwe. Sukulu yathu ili ku Kanakantapa. Bwalo lake ndi lopendekeka, ndipo pakona imodzi pali chulu chimene timachizungulira pothamanga. Pabwalo limenelo panalibe wondipitirira, koma zimenezo sindinkaziyesa kanthu. Ndinkati kuposa anzako amene mumalima nawo matimati si kupambana.

Atate anali atanena kale maganizo awo. Sankadana nako kuthamanga, koma madzulo onse amene ndinkakhala kubwalo, mlongo wanga ndiye ankathirira yekha repu kudimba.

"Chaka chino ni chomaliza," anatero. "Akakusankha kupita ku Lusaka, pitiriza, nizapeza wothirira. Akakusiya, zothamanga zithere pamenepo."

Opita ku Lusaka ankakhala awiri okha, woyamba ndi wachiwiri.

Kusukulu kwathu kunali mawu amene tonse tinkawadziwa: ife ku Chongwe timapita kukaperekeza. Anyamata amene anapitako zaka za m'mbuyo ankabwerako ndi nkhani za ana a sukulu ya ku Silverest, kuti amadya mazira m'mawa uliwonse, kuti ali ndi maspaiki, nsapato zokhala ndi timisomali kunsi, kuti munthu wopanda nsapato sangaone ngakhale fumbi lawo. Palibe amene anandikhazika pansi kuti andiphunzitse zimenezi. Ndinangozimeza pang'onopang'ono mpaka zinakhala zanga.

Tsiku loti mawa tinyamuka, aphunzitsi anatisonkhanitsa pansi pa mtengo kuti atiuze malamulo. Limodzi linali la mitunda yaitali, yozungulira bwalo malapu ambiri.

"Ukamva kuti amene ali kutsogolo akupeza, afuna kukusiya na lapu yonse, osawatsekereza iyayi. Patuka, uwasiyire laini ya mukati. Sinifuna kukamvera kuti ana ba ku Kanakantapa balibe mwambo."

Ankauza gulu lonse, makamaka amene ankatsalira. Ine ndinalitenga ngati langa. Silinali lachilendo kwa ine. Kwathu ukakumana ndi wamkulu kapena mlendo pa kanjira kopapatiza, umalowa muudzu kuti adutse, ndipo amayi ankandiyamikira chifukwa sindinkaiwala.

Tinafika ku Chongwe pa lole, dzuwa litakwera. Bwalo linali lathyathyathya, mizere yake yojambulidwa ndi oilo wakupsa. Tisanaitanidwe n'komwe ndinali nditapita kuchimbudzi katatu. Banzi imene anatipatsa sindinaimalize. Pini yomangira nambala pa malaya inandibaya kawiri.

Poyambira, pambali panga panaima mnyamata wamtali wa ku Silverest, atavala vesiti yachikasu ndi wotchi kumkono. Anandiyang'ana kumapazi.

"Bwanji, boyi? Nsapato waziiwala mu motoka?"

"Musiye," anatero mnzake wamfupi, wovala chimodzimodzi. "Aba ni ba Kanakantapa. Minga ndiye imabayopa."

Anaseka, osati mwankhanza. Ine ndinayankha kuti, "Tili bwino, zikomo," nditagwira dzanja langa lamanja ndi lamanzere ngati ndikupereka moni kwa akuluakulu a mpingo.

Wisilo italira, achikasu awiriwo anauluka. Ndinati mumtima, basi apita, ndipo ndinaweramitsa mutu. Ine ndimathamanga ndikuyang'ana pansi, chizolowezi cha munthu wopewa minga. Tinali ambiri, ndipo pofika lapu yachinayi tinali titamwazikana bwalo lonse, moti sukanadziwa msanga wotsogola ndi wotsalira. Ndinkangoona miyendo kutsogolo kwanga, n'kuipitirira, kenako ina, n'kuipitirira. Thupi linali bwino. Mutu ndiwo unali kwina. Ndinkaganiza za mmene ndikafotokozere atate.

Pamzere womalizira panaima bambo wina wa chipewa, wowerenga malapu. Nthawi iliyonse ndikadutsa ankakweza zala ndi kutchula nambala. Sindinamuyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinkadziwa ndithu kuti zala zimenezo akukwezera otsogola, ndipo kuziyang'ana kukanakhala kudzikweza.

Chapakati pa mpikisano ndinapitirira vesiti yachikasu, kenako ina. Ndinaziona ndi maso anga. Ndinaonanso wotchi ija. Komabe ndinadziuza kuti ayenera kukhala ana ena a sukulu yomweyo, aulesi, chifukwa aja a poyambira sindingawapeze ine.

Aphunzitsi anali pa kona, akuthamanga m'mbali mwa chingwe ndi foni m'manja.

"Uli namba wanu! Iwe! Uli namba wanu, osachepesa!"

Ndinamva mawu onse bwinobwino. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Ndinati asokoneza kuwerenga, ndipo aphunzitsi a masukulu ena akuwamva.

Belu la lapu yomaliza linalira ndikudutsa pamzere. Ndinati lalirira aja, ndiye kuti ali pafupi kundipeza, ine ndikadali ndi malapu awiri. Anthu anayamba kukuwa bwalo lonse. Nditakhota kona yomaliza ndinamva kumbuyo kwanga kupuma kwa munthu ndi kaphokoso ka timisomali pa nthaka youma.  Chimene ndinaopa si kugonja. Ndinaopa kutchinga njira ya wopambana pamaso pa anthu onsewo.

Ndinapatuka. Ndinachoka pa mzere wamkati, ndinapita wachitatu, ndipo ndinachepetsa liwiro kuti adutse bwino. Wamtali uja anadutsa, kukamwa kuli yasa. Ndinadikira pang'ono chifukwa ndinamva kuti kukubwera wina. Wamfupi nayenso anadutsa. Ndinabwerera mkati, mtima uli m'malo kuti ndachita mwaulemu.

Nditafika pamzere ndinkafuna kupitiriza, koma bambo wa chipewa uja anandigwira pamkono, n'kundipatsa kakhadi kolembedwa 3.

"Nikali na lapu imodzi, ba Sa," ndinatero.

"Lapu ya kuti? Wasiliza. Iwe mwana, uli bwino?"

Ndinayang'ana kakhadiko. Ndinayang'ana bwalo. Ena onse anali akuthamangabe. Pa udzu, kutsogolo kwanga, panagona anthu awiri okha, onse achikasu. Ndinakhala pansi.

Aphunzitsi anafika akupuma mwamphamvu kuposa ine. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Wachita chani?" anafunsa motsitsa mawu. "Mwana wanga, wachita chani? Mwendo wagwira?"

"Iyayi, ba Ticha."

"Nanga?"

"Munakamba kuti tizipatuka."

 Aphunzitsi anagwira mutu ndi manja onse awiri, foni ikadali m'dzanja, n'kutembenuka kuyang'ana kwina. Atatembenukanso anati, "Ndiwe unali kubalapa banzako. Banayi unabalapa. Sunabaone?"

Ndinali nditawaona. Ndinkaganiza kuti ndi anzanga otsalira nawo.

Wamtali uja anadzuka n'kubwera, maspaiki ali m'manja. Chidendene chake chinali ndi thuza lophulika.

"Boyi, unaimirira chani? Ine nenze nasila mphamvu. Nenze nifuna chabe namba thu." Anayang'ana aphunzitsi. "Ba Sa, uyu munthu anatisiya kalekale. Nenze naleka na kumuganizira."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kakhadi kaja. Chaka chonse ndinkamuopa munthu ameneyu ndisanamuone, ndipo iye theka la mpikisano ankathamanga akuyang'ana msana wanga.

Aphunzitsi anapita ku tebulo la osankha. Ndinkawaona ali chiimire, akuloza kona ija, akuonetsa ndi dzanja mmene ndinapatukira. Mayi wina wa patebulopo anaseka, kenako anasiya ataona kuti si nthabwala. Anandiitana.

"Kuli anakukankha?"

"Iyayi, madamu."

"Anakuopseza?"

"Iyayi."

"Unazichosa weka?"

"Inde."

Anayang'anana ndi anzake. Anati amvetsa, ndipo n'zowawa, koma iwo amalemba mmene anthu adutsira pamzere. Sakanachotsa mwana amene sanalakwe kanthu. Ndinawathokoza. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinathokozera.

Pobwerera pa lole, anzanga anayamba ndi kundiseka. Wina ankati ndikadzakwatira ndidzapatukira mnzanga pakhomo la tchalitchi. Koma kusekako sikunapite patali. Mtsikana wina wa netibo anati, "Kansi ba Silverest tingabawine?" Aphunzitsi anakhala kutsogolo ndi dalaivala, osatembenuka njira yonse.

Ndinapeza atate kudimba, akumanga repu m'mitolo yopita kumsika. Ndinagwada pambali, n'kuwapatsa kakhadi kaja.

"Wachitatu," anatero. "Wayesa. Anali amphamvu?"

Ndikanatha kungovomera. Akanandimvera chisoni, nkhani n'kutha. Koma sindinazolowere kuwanamiza, choncho ndinafotokoza zonse, kuyambira pa belu mpaka pa mzere wachitatu.

Anasiya kumanga. Luzi linagwa m'manja mwawo.

"Unali patsogolo?"

"Inde, atate."

"Pa onse?"

"Inde."

"Ndiye unaima kuti apite?"

"Sininaime. Ninapatuka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona mwana wa munthu wina. Anaitana amayi, amene anali kutsidya kwa mabedi a anyezi, n'kundiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Amayi anagwira pakamwa.

"Tinalakwa ise kapena?" anafunsa amayi, akuyang'ana atate.

 Atate anatola luzi lija, n'kumaliza kumanga mtolo umene unali m'manja. Ndinadikira, ndikuganiza kuti mwina poti amva kuti ndinali patsogolo asintha mawu awo. Sindinapemphe. Akanakhala mwana wina akanapempha.

"Ninakamba kuti akakusiya, zithe," anatero pomaliza. "Si iwo anakusiya. Koma ku Lusaka supita."

Lolemba lotsatira, belu lotulukira litalira, anzanga anapita kubwalo ndipo ine ndinalowera njira ya kudimba. Aphunzitsi anandiona ndikudutsa. Anakweza dzanja ngati akufuna kundiitana, kenako analitsitsa.