Thanga la Tenti ya Maliro

Elson Nampuluma anakulira ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, koma ukalipentala unamutaya ku Geisha, mu Mzuzu, kumene madzi ambiri amachokera kumwamba. Mtima wake sunavomere. Kuseri kwa shopu yake anakhoma kabwato kowonda ka munthu mmodzi, n'kukapaka penti yobiriwira. Loweruka lililonse ankakakweza pa matola kupita nako ku damu lina kunja kwa tauni. Anthu ankamuseka, iye osalabada. Kabwatoko ndiko kanali kwawo.

Phewa litayamba kukana nkhafi, anaganiza zoika thanga kuti mphepo izimupalasira. Mlongoti anaupeza wa bulugamu, koma nsalu yolimba inasowa. Tsoka ilo, iye ndiye ankasunga tenti ya maliro ya m'deralo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anaiyala pansi n'kudulapo chidutswa cha ngodya zitatu, pakati penipeni.

"Ndikangoyesa Loweruka, ndisokereranso," anadziuza choncho. Ngati kuti imfa imayang'ana kalendala!

Lachinayi anamwalira mayi ake a Fyson, mnyamata wa kabaza. Anthu anakweza tenti ija mvula ikukhuthuka, ndipo madzi anadzera pabowo n'kukhavukira pa amayi olira. Fyson sanafunse kawiri. Anatulukira ku shopu nkhwangwa ili m'manja, anzake anayi pambuyo.

"A Nampuluma, mwatinyoza chomene! Amama anga aliridwe pamvula chifukwa cha chidole chanu?"

Elson anagwada m'matope. "Pepani achimwene, ndalakwa. Menyani ine, bwatolo lisiyeni."

Fyson anachita zonse ziwiri. Chibakera chinatera pakamwa, dzino n'kuthothoka. Nkhwangwa inalowa m'mimba mwa bwato, khaa! Elson anadzigwetsa pamwamba pake kuti alitchinge, koma anamukoka miyendo, akumuponda m'nthiti mpaka mawu anamuthera. Mlongoti unadulidwa patatu. Ntchito ya zaka ziwiri inatha madzi a tiyi asanawire, ndipo zidutswazo anazinyamula kupita nazo kusiwa, poti nkhuni zonse zinali zitanyowa.

Elson anatsatira akutsimphina, thanga lili kukhwapa. Anakwera makwerero n'kulisokerera pamalo pake, magazi akudonthera paulusi. Palibe anamugwirira makwererowo.

Atatsika, akunjenjemera ndi chisanu, mkulu wina anamusendera pabenchi. Anakhala pakati pa amuna anzake, natambasula manja kuwotha moto. Penti yobiriwira inkatuwa, kenako n'kuphulika matuza, pa thabwa limene analembapo yekha kuti KACHULU.