Sewero Limene Ndinalembera Madamu a ku Nicaragua

Ndili Fomu 3, kusukulu kwathu kufupi ndi Kaluluma kunabwera mphunzitsi wamkazi wochokera kunja. Ahedi anatiuza pa asembule kuti mayiyu amakhala ku Amereka koma anabadwira ku Nicaragua, ndipo adzatiphunzitsa Chingerezi kwa chaka chimodzi. Anatinso mayiyu ayambitsa nyuzipepala yomata pakhoma la laibulale, ndipo adzasankha wophunzira mmodzi wa Fomu 3 kuti akhale mkonzi. Ndili ndi kabuku komwe ndimalembamo za tsiku lililonse. Pa tsamba la tsiku limenelo pali mawu akuti, "Mkonzi ndidzakhala ine," ndipo kunsi kwake ndinadula mizere iwiri.

Udindowo ndinkaufuna kwambiri. Ndinkafuna kudzakhala mtolankhani, ndipo m'mudzi mwathu munalibe munthu amene anamuonapo mtolankhani ndi maso. Ndinaona kuti khoma la laibulale ndi poyambira pabwino.

Dziko la Nicaragua sindinkalidziwa. Ndinakalifufuza pa mapu n'kulipeza pamalo popyapyala, pakati pa nyanja ziwiri. Mnzanga wokhala naye desiki imodzi atamva kuti kumeneko amalankhula Chisipanishi, anati, "Iwe, amenewotu ndi anthu a m'mafilimu aja."

Mafilimu ake ndi awa. Pa senta pathu pali golosale ya bambo wina wachisilamu, ndipo akazi awo anali ndi TV yoyendera sola. Masana aliwonse ankaonera mafilimu aataliatali ochokera kumayiko olankhula Chisipanishi, omasuliridwa m'Chingerezi. Atsikana tikaweruka ankatilola kukhala pa mphasa m'chipinda chakuseri, malinga tiziwasendera mtedza ndipo nthawi ya swala ikakwana tizipita. Tinaonera choncho kwa zaka ziwiri, moti anthu a kumeneko tinkawadziwa bwino lomwe. Nyumba zawo zonse zili ndi masitepe. Palibe amene amagwira khasu. Mkazi akakwiya amamenya mnzake mbama, kenako amalira ndi iye yemwe. Mtsikana wantchito aliyense amadzapezeka kuti ndi mwana wa bwana wa nyumbayo, ndipo munthu akagwa pamasitepe amaiwala dzina lake. Anyamata, amene ankaonera mafilimu ena ku vidiyo, anationjezera kuti amuna a kumeneko amagulitsa mankhwala osokoneza bongo ndipo amafa filimu isanathe.

Madamu athu sankafanana ndi zimenezi. Anali aafupi, a khungu loderako, ankavala nsapato zapulasitiki mvula ikagwa, ndipo chitenje chawo chinkamasuka nthawi iliyonse akamalemba pa bolodi. Tinagwirizana kuti pali chimene akubisa, chifukwa m'mafilimu muja munthu sapita kudera lachilendo popanda chobisa.

Mwambo wowalandira unachitika atakhala kale miyezi iwiri. Poyamba inalepheretsa ndi mvula, kenako maliro a kwa apampando a komiti ya makolo. Tsiku litapezeka, achiwiri kwa ahedi anandiitana.

"Akuti umalemba iwe. Ulembe sewero loonetsa chikhalidwe cha kwawo kwa mlendoyu, aone kuti nafenso timadziwa, amve ngati ali kwawo."

Ndinaona kuti mayeso a ukonzi ndi amenewa. Ndinalemba masiku atatu. Madamu ndinkakumana nawo m'kalasi tsiku lililonse, koma sindinawafunse kanthu, chifukwa ndinkafuna kuti adzadabwe.

Seweroli linali la mtsikana wantchito wokondana ndi mwana wa bwana. Mnzanga wa pa desiki uja anatenga mbali ya dona wankhanza. Tinabwereka diresi yaukwati ya pakaunjika, tsitsi lalitali tinapanga ndi khonje, masitepe tinasanja mabenchi atatu. Anyamata awiri anavala magalasi akuda n'kunyamula mfuti zosema ndi timapepala ta ufa woyera. M'seweromo munali mbama zisanu ndi ziwiri, kuiwala dzina kawiri, ndi ukwati umodzi umene unasokonekera wansembe atafunsa ngati alipo wotsutsa.

Makolo anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Pa mbama yachinayi, imene inali yeniyeni chifukwa mnzangayo anali ndi kachifukwa ndi mtsikana winayo, ngakhale ahedi anaomba m'manja. Ine maso anali pa Madamu. Anakhala pampando wakutsogolo atagwira botolo la zakumwa, osaseka, osakwinya nkhope. Sewero litatha anaimirira n'kunena m'Chichewa chawo chosankha mawu limodzilimodzi, "Zikomo. Lero ndaphunzira zambiri za kwathu."

Anthu anaombanso m'manja. M'kabuku ndinalemba kuti zayenda bwino kwambiri.

Sabata yonse yotsatira sanatchulepo za sewerolo. Ankaphunzitsa, ankachonga makope, ankamanga chitenje chikamasuka. Pofika Lachinayi mtima unali utayamba kundiuza kuti china chake chalakwika, ngakhale sindinkadziwa kuti n'chiyani. Lachisanu anandiimika pakhomo la kalasi.

"Bambo ako amalima chiyani?"

"Fodya, Madamu. Wa bale."

"Ayamba kusankha?"

"Ayamba."

"Mawa ndibwera."

Amayi atamva anasesa bwalo kawiri, anabwereka mpando wa khushoni kwa aneba, n'kupha tambala amene ankasungira Pasaka. Madamu anafika pa njinga cha m'ma naini, ana a m'mudzi akuwathamangira m'mbuyo n'kumakuwa kuti mzungu. Anapereka moni mogwada pang'ono monga anaonera kwa ena, anayang'ana mpando uja, kenako anafunsa komwe kuli bambo.

Bambo anali m'chigafa, atakhala pa thumba, masamba ouma ali milumilu mowazungulira. Ntchito yosankha fodya ndi yakuti tsamba lililonse uliyang'ane kutalika, mtundu ndi kukhuthala kwake, n'kuliika pamulu wa anzake ofanana nawo. Ine ntchitoyi sindiitha. Bambo amati ndimasankha ngati ndikuthamangitsidwa.

Madamu anapereka moni, n'kutola tsamba limodzi. Analinunkhiza, analitambasula ndi zala mosamala, analiyang'ana molozetsa kuwala, n'kuliika pamulu wachitatu. Anatolanso lina, n'kuliika pamulu woyamba. Bambo anasiya ntchito n'kumaonerera. Pa tsamba lachisanu anatembenukira kwa ine.

"Afunse anaphunzira kuti."

Kuyambira apo ine ndinakhala womasulira. Madamu anati amayi awo anagwira ntchito yosankha fodya zaka zambiri kwawo ku Nicaragua, m'chinyumba chachikulu cha amayi okhaokha, ndipo iwo ali mwana ankakhala pansi pa tebulo n'kumatola masamba akugwa. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, banja lonse linapita ku Amereka. Kumeneko amayi awo amakolopa m'chipatala.

"Nyumba yanu ili ndi masitepe?" ndinafunsa ine, osati bambo.

"Awiri. Pakhomo."

Bambo anafunsa ngati fodya amayenda malonda bwino kwawoko. Madamu anati ogula amanena kuti wa chaka chino sanatuluke bwino.

"Chaka chilichonse?"

"Chaka chilichonse, bambo."

Bambo anasuntha, anakutumula thumba lina n'kuwapatsa kuti akhalepo. Mpando wa khushoni unakhala pabwalo wopanda munthu tsiku lonse.

Anasankha limodzi mpaka masana, akucheza kudzera mwa ine. Bambo anapepesa chifukwa cha ana okuwa aja. Madamu anati sizinawakhumudwitse, kungoti n'koyamba kutchedwa mzungu, chifukwa ku Amereka iwo si mzungu. Kumeneko amatchedwa Alatino. Wa ku Nicaragua, wa ku Mexico, wa ku Cuba, wolemera ndi wosauka, wakuda ndi woyera, onse dzina ndi lomwelo.

Bambo anaganiza pang'ono. "Auze kuti amene anasankha fodya ameneyo, n'kuika onsewo pamulu umodzi, ankathamangitsidwa."

Ndinamasulira, ngakhale ndinadziwa kuti theka la mawuwo likunena ine.

Kenako bambo anafika pa nkhani imene amaikonda, ya mavoti. Madamu anati chisankho chikayandikira, andale amabwera m'dera lawo ku Amerekako, amalankhula mawu awiri a Chisipanishi, amadya chakudya cha kwawo patsogolo pa makamera, n'kumapita. Ndiye a pa TV amalengeza kuti Alatino adzavotera wakuti. Koma iwo ndi mchimwene wawo savotera chipani chimodzi, moti amayi awo analetsa ndale pa nthawi ya chakudya.

"Zitenje amagawa?" anafunsa bambo.

"Sagawa."

"Malaya?"

"Zipewa, koma umagula wekha."

"Ndiye kuno kuli bwinoko," anatero bambo, n'kupitiriza kusankha.

Titadya, Madamu anandiitanira pansi pa mtengo wa mango n'kutulutsa foni. Anati akufuna ndione chimene amayi awo anaonera atamva kuti mwana wawo akupita ku Malawi. Kanali kakanema ka mphindi zochepa. Kankaonetsa minda ya fodya ngati ya kwathu, ana atasenza masamba, nyimbo yachisoni ikulira chapansipansi, ndi mawu a munthu wosaoneka akufotokoza m'Chingerezi. Kumapeto kamera inaima pa nkhope ya mtsikana wa msinkhu wanga kwa nthawi yaitali. Iye anangoyang'ana, osalankhula.

Sizinali zabodza. Ana otero ndimawadziwa, ana a matenanti a pa esiteti, ndipo ena tinayamba nawo limodzi Sitandade 1 n'kusiyira panjira. Koma munalibe sukulu, munalibe kwaya, munalibe munthu woseka kapena wokangana za mpira. Mtsikana uja mwina ankadziwa masamu kuposa ine.

"Koma sanamufunse kanthu," ndinatero.

"Sanamufunse."

Madamu anati amayi awo ataonera zimenezi anawapakira nyemba m'chikwama, poopa kuti kuno akafa ndi njala. Anayenda nazo m'ndege zitatu ndi basi mpaka kuno ku Kasungu. Amayi anga, amene ankatsuka mbale chapafupi, anandifunsa chimene mlendo akunena. Nditawauza sanaseke. Anati mayi ameneyo anachita bwino, iwonso akanatero.

"Ogulitsa mankhwala aja aliko," anapitiriza Madamu. "Akazi okongola olira pamasitepe mwina alikonso, sindinalowepo m'nyumba zawo. Koma amayi anga sindinawaonepo pa TV. Za kwathu anakuuza ndani?"

"TV, Madamu."

"Ine ndimakhala pati?"

"Kuseri kwa laibulale."

Panali pafupi, koma sindinapiteko kukawafunsa. Ndinapepesa ndikuyang'ana pansi. Iwo anati mbama yachinayi ija inali yabwino, ndipo ukwati ndinausokoneza pamalo oyenera. Pochoka, amayi anawamangirira kathumba ka nyemba pa kaliyala ya njinga.

Lolemba pakhoma la laibulale panamatidwa pepala. Mkonzi anali mnzanga wa pa desiki uja, dona wankhanza. Dzina langa linali pansi pake, pa mzere wa atolankhani, pamodzi ndi ena atatu. Ndinaima pamenepo mpaka belu linalira. Mnzangayo anadabwa kuposa ine, chifukwa iye cholinga chake ndi unamwino.

Poweruka ndinalimba mtima n'kukawafunsa Madamu chifukwa chake. Anati sewero litatha, mnzangayo anawatsatira akadali ndi khonje kumutu n'kufunsa kuti, "Madamu, kodi kwanu amamenyanadi chonchi?" Pa miyezi iwiri yoyambirira ija, ameneyo ndiye wophunzira yekhayo amene anawafunsa funso lokhudza kwawo.

Usiku wake m'kabuku sindinalembe zambiri. Ndinangofufuta mzere umodzi mwa iwiri ija.

Ntchito yoyamba imene mkonzi anandipatsa inali yolemba za Madamu omwewo. "Pita ukawafunse, iwe," anatero, "ndipo usachedwe nazo." Udindo unali utamulowa kale. Ndinapita ndi mafunso makumi awiri olembedwa pa pepala. Ndinafunsa dzina la chakudya chimene amachisowa, chifukwa chimene banja lawo linasamukira, chimene amakanganirana ndi mchimwene wawo, ndiponso ngati fodya wa kwawo amamusoka n'kumupachika pa mikangala ngati kwathu. Anayankha onse, ena mwachidule, limodzi anati n'losayenera pakhoma. Ndinalemba masamba awiri. Pomaliza ndinaona kuti nkhaniyo ikusowa pothera pogwira mtima, ndiye ndinawonjezera chiganizo chimodzi, chakuti tsiku limene Madamu ankanyamuka, amayi awo analira pabwalo la ndege.

Anandibwezera mapepalawo Lachitatu. Sanasinthe kanthu kupatula chiganizo chomalizacho, chimene anachidula ndi cholembera chofiira.

"Ichi ndinakuuza?"

"Ayi, Madamu."

"Unandifunsa?"

"Ayi."

"Ndifunse."

"Madamu, kodi amayi anu analira?"

"Analira kwambiri. Bwezerapo."

Ndinakopera nkhani yonse papepala latsopano, chifukwa mkonzi anakana kumata pepala lokhala ndi zofufuta. Inakhala pakhoma masabata atatu mpaka mphepo inaichotsa. Bambo anabwera kudzaiona tsiku limene ankapita kukabwereka jeke yodindira mabelo. Ngakhale Chingerezi chimawavuta, anaiwerenga yonse ataimirira, chipewa chili m'manja, kenako anandifunsa kuti mlendo uja adzabweranso liti, chifukwa fodya wosasankha anali akadalipo wambiri.