Kiyi Ali Pansonga ya Chitenje Changa

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachiwiri, ndi munthu wophunzira. Nditabwera kudzakhala nawo ku Chinsapo, tsiku loyamba lomwe anandipeza ndikukwecha poto ndi phulusa la pambaula.

"Amayi, kuno n'kutauni," anatero akumwetulira. "Phulusa timataya."

Ndinangoti chabwino. Ana asanu ndi awiri ndinalera ine ndi phulusa, mchenga, ndimu ndi sopo wamtanda, palibe amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha zotsukira mbale.

Iye anali ndi mabotolo ake: la m'chimbudzi, lokolopera, la zovala zoyera. Nyumba yonse fungo lobaya m'mphuno, maso kuwawa, ati ukhondo ndi umenewo. Mankhwalawo ankagula kwa mayi wina wa pamsika amene amapungulira m'mabotolo akale a zakumwa. Mabotolo otero omwewo ndi amene tinkathiramo thobwa la mwana wake, mdzukulu wanga. Nditadandaula, analemba kapepala n'kumata pabotolo.

"Onani, Amayi, ndalembapo kuti poizoni."

Ine kusukulu sindinapondeko. Mdzukulu wanga anali ndi zaka zitatu. Kaya ankalembera ndani, mwina mphemvu.

Tsiku lina masana mpongozi akukolopa, anasiya botolo pakhonde n'kukayankha foni. Ndinangomva mwana akutsokomola. Kutuluka, dovu lili chuchuchu, m'kamwa mukununkha mankhwala. Mayi ake ophunzirawo angoima, manja pamutu. Mayi wina woyandikana nafe ati mupiseni chala kukhosi asanze. Ndinamukankhira uko, chifukwa chowotcha polowa chiwotchanso potuluka. Ndinamutsuka m'kamwa mwanayo, kumubereka, botolo kumanja, n'kukwera kabaza mpaka kuchipatala.

Namwino ananunkhiza botolo lija nati mwayi wathu ngwakuti wogulitsayo amachulutsa madzi. Kuba kwa mayi wa pamsika n'kumene kunapulumutsa mdzukulu wanga, osati kapepala.

Sabata yathunthu mwana ankangomeza phala lamadzimadzi, nalonso akulira.

Lero mabotolo onse ali m'sutikesi yanga yachitsulo, kiyi ndinamangirira pansonga ya chitenje. Mpongozi akafuna kukolopa amabwera, kunjuta pang'ono.

"Amayi, ndimapempha nawo kiyi."

Ndimayamba ndafunsa kumene kuli mwana, ndimuone ndi maso anga, kenako ndimasule mfundo mosafulumira. Mapoto ndikukwechabe ndi phulusa pakhonde lomwe lija. Amadutsa ndi ndowa yake, osanenanso kuti kuno n'kutauni.