Ng'ombe za Raewyn za pa Malata

Ndayendetsa lole yotenga mkaka zaka makumi atatu m'misewu ya pakati pa phiri la Taranaki ndi nyanja, ndipo alimi akuno ndimawadziwa kuposa mmene abusa awo amawadziwira. Ndikudziwa amene amatsuka thanki yake bwino, ndi amene amangowazamo madzi n'kuthawa. Koma Raewyn Hickey anandibisira chinthu zaka khumi ndi ziwiri ine ndikuima pakhomo pake tsiku ndi tsiku, ndipo zimandiwawabe pang'ono.

Raewyn ndi mwamuna wake Des ndi alimi aja amene ng'ombe ndi zawo koma malo ndi a eni. Ankakama ng'ombe mazana awiri pa famu ya a Coffey, kufupi ndi Pungarehu, mkaka n'kumagawana pakati. Moyo umenewu uli ndi lamulo lake. Pangano likatha, pa 1 Juni umatenga ng'ombe, agalu ndi katundu wa m'nyumba n'kulowa mumsewu. Chilichonse chokhomedwa ndi msomali chimatsala.

Mayiyu ndi wamfupi, wa manja okhakhala, chipewa chaubweya kumutu chaka chonse. Ukamupatsa moni amayankha ndi chibwano. Ine ndinkayesa kuti m'mutu mwake muli udzu ndi mkaka basi.

Tsiku lina matalala ochokera kunyanja anandipeza ndili panja pa famu yawo, ndipo ndinathawira mu shedi yakale ya mathole. Maso atazolowera mdima ndinangoti kukamwa yasa. Makoma onse anali ng'ombe. Lata lililonse ng'ombe yake, nambala yake pa khutu, ina yabuluu, ina yofiira, ina yobiriwira, zonse zikundiyang'ana. Pentiyo ndinamuzindikira. Ndi uja alimi amapaka pa tsinde la mchira mu Okutobala, kuti ng'ombe ikafuna nkhunzi, zinzake zikaikwera, afufutike mlimi adziwe. Alibe wakuda, alibe woyera.

Raewyn analowa ndi ndowa ziwiri za mkaka.

"Raewyn, wachita izi ndani?"

"Tsekani chitseko, a Lindsay, mathole azizidwa."

"Ndikufunsatu ine!"

"Ndi penti wotsala. Mumafuna ndizimutaya?"

Ndinachita kumukakamiza kuti anene. Ng'ombe iliyonse yokalamba, isanakwere lole yopita kophera, iye ankaijambula. Anandiopseza kuti ndikauza munthu adzandithira ndowe m'jombo. Ndinasunga chinsinsicho zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amene akundidziwa pakamwa panga angakuuzeni kuti zimenezo zinali zozizwitsa.

Amene anaulula si ine, ndi alendo. Chaka ndi chaka maluwa akachita bwino, ojambula ndi oumba akuno amatsekula zitseko zawo kuti anthu adzaone ntchito zawo, ndipo misewu yathu imadzaza anthu a mapu m'manja oyendetsa galimoto ngati ali pa maliro. Amayi awiri a ku Auckland, ovala nsapato zoyera, anasochera akufuna nyumba ya woumba mbale. Mmodzi atapanikizika anafunsa Des kotayira madzi. Des analoza kuseri kwa shedi, mayiyo n'kutsekula chitseko cholakwika. Akuti anakuwa moti agalu onse anauwa.

Mayiyo anagwira Raewyn pamkono, Raewynyo jombo zamatope zili kuphazi, n'kumupempha kuti amugulitse lata limodzi lokha. Raewyn anatsekula pakamwa kuti akane, kenako anayang'ana misomali.

"Si anga," anatero.

Des anandiuza kuti tsiku limenelo mkazi wake sanadye. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akujambula, sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti akujambula pa malata a eni.

Sipanapite nthawi, a Coffey anagulitsa famu n'kukakhala m'tauni pafupi ndi chipatala. Wogula anali Shanelle Bourke, mayi wachitsikana wophunzira, amene ankabwera ndi ng'ombe zakezake. Des anapeza malo ena cha ku Manaia. Ndinauza Raewyn kuti akapemphe malatawo.

"Sindipempha. Lamulo ndi lamulo."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi."

"Ndiye m'mimba mwanga muli bwinobwino. Mkaka wanu uwo, zipitani."

Ndinapsa mtima. Munthu kuuma mutu mpaka kusiya moyo wake wonse pa khoma! Ndinapita ndekha kwa Shanelle, ndikudziwa kuti jombo zanga zili pa ngozi. Anandimvetsera akuyang'ana foni.

"Bambo, mu Julayi ndikhala ndi mathole oposa zana, ndipo mphepo ya kuno mukuidziwa. Ndimati ndipake laimu mkati monse chifukwa cha matenda. Ngati mukufuna malatawo, mukachotsa limodzi muikepo lina. Lopanda mabowo. Ndidzaliona ndekha."

Ndinafuna kumuda mwanayu, koma sananame.

Malata anali makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Mwayi wake, kuno mchere wa m'nyanja umadya chitsulo, motero mlimi aliyense ali ndi malata angapo obisa kuseri kwa shedi, amene sangapatse ngakhale m'bale wake. Masabata omaliza a mkaka, ng'ombe zisanapume kukamidwa, ndinalalikira pa geti iliyonse kupempha malata. Ena anaseka, ena anati aona. Ndinangowakumbutsa kuti chaona mnzako chapita, 1 Juni amabwera chaka chilichonse.

Loweruka lomaliza la Meyi kunacha bwino, phiri lonse lili poyera ndi chipale chake chofewa. Mapikapu anayamba kulowa, lata limodzi apa, atatu apo, ena ofiira, ena osapaka, amayi ali ndi mabeseni a masikono. Raewyn anatuluka m'nyumba, anaona khamulo, kenako anandiona ine.

"Pakamwa panupo palibe chitseko, a Lindsay."

"Pepani, mayi."

"Pepani wanuyo akhome misomali? Gwirani makwerero."

Matiu, nkhalamba ya famu yoyandikana nayo, anabwera akuseka kuchokera pa geti.

"Ili kuti ng'ombe yabuluu ija? Mkaka wakenso ndi wabuluu? Des, iwe wakhala ukugona ndi katswiri osatiuza!"

"Ndimaopa mungandilande, madala," anatero Des.

Matiu analowa mu shedi akadasekabe. Kuseka kunatha. Tinamupeza ataima kutsogolo kwa ng'ombe yofiira, chipewa chili m'manja.

"Iyi ndi 88," anatero. "Inathyola mpanda wanga katatu, n'kudya maluwa onse a malemu mkazi wanga. Ankaithamangitsa ndi tsache. Diso lake lomweli, la mbava." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Lata ili musalikhudze, ndizula ndekha. Inu muli ndi manja a nkhwangwa."

Kuyambira pamenepo palibe anaseka penti. Amuna amene amaponya zitsulo ngati nkhuni ankanyamula lata awiriawiri, n'kuyala mabulangete akale pakati pake m'ngolo ya thalakitala. Shanelle anaima pakhomo, ndipo lata lililonse latsopano ankaliimika padzuwa kufuna mabowo. Analandira onse kupatula limodzi.

"Ili ladyeka ndi dzimbiri. La ndani?"

Linali langa. Anthu anandiwowoza osandimvera chisoni.

"Mlaliki wabwera ndi chopereka chowola!" anakuwa Matiu.

Tsono panatsala mpata umodzi pa khoma la kunyanja, mphepo ikulowa. Ndinati ndithamange ndikazule lata pa galaja yanga, galimoto inyowe ndithu. Raewyn anandigwira jekete.

"Khalani pansi, mungagwe padenga tivutikenso ndi inu."

Anakwera m'ngolo n'kuyamba kuvundukula mabulangete limodzilimodzi. Ndinkayesa akufuna lonyansa kuti alisiye. Anatulutsa labwino koposa onse, ng'ombe yachikasu ikunyambita thole lake longobadwa kumene.

"Ili libwerere. Mathole asamangoona malata okhaokha."

Des analikhoma yekha. Shanelle analiyang'ana nthawi yaitali, foni ili m'thumba.

"Laimu sadzafika pamenepa," anatero. "Koma antchito anga sakukudziwani, mayi. Lembanipo dzina, adziwe kuti lili ndi mwini wake."

Raewyn anacheuka ngati akuuza wina kumbuyo kwake. Kenako anapita pa shelefu, anatenga botolo la penti wabuluu, analigwedeza n'kugwada pa udzu. Ndamuona mayi ameneyu akulowetsa mkono m'mimba mwa ng'ombe kutembenuza thole, nkhope ili gwa. Koma tsiku limenelo chilembo choyamba chinapindika. Tonse tinaima kumbuyo kwake, mahamala ali m'manja, mpaka analemba dzina lonse.

Anadzuka, anasasa maondo, n'kuliwerenga yekha motsitsa mawu. Ine ndinatuluka kukayang'ana phiri, chifukwa munthu wamkulu salira pagulu.