Padi Sidziwa Kutsogolo

Nchito ya mapadi a magemu ndinaipeza chifukwa cha ukali wanga. Nditasiya sukulu ndinkangokhalila pa kashopu ka magemu ku Kabwata, ndipo tsiku lina nditaluza ndinamenyetsa pansi padi, kachipangizo kosewelela gemu. Eni shopu, ba Chanda, anangondiponyela sikuludilaiva. "Wathyola ndiwe, konza ndiwe." Nditaikonza ananditengela ku shopu yawo ya m'tauni.

Kumeneko anandiphunzitsa kuika malamulo pa mabatani awili a kumbuyo kwa padi. Umagwila kabatani ka pakati mpaka nyali iyambe kuphethila, n'kusankha batani la kumbuyo, n'kudina zimene kasitomala akufuna: pansi, kutsogolo, chibakela. Ukadinanso kabatani kaja, padi yasunga. Munthu akangodina kamodzi, womenya wa m'gemu amachita zonsezo yekha.

Tsiku lina m'mawa kunabwela ba Mwila, ngwangwazi woitanila anthu pa siteshoni ya minibasi, chimunthu cha chipsela pakhosi. Ndinawaikila kamenyedwe kawo pa padi yawo, anapita. Masana, ba Chanda atatuluka, anabwelanso ndi anzawo awili, n'kutseka chitseko.

"Iwe mwaiche, kamwana iwe, munthu wanga wa m'gemu abwelela kumbuyo m'malo momenya. Siteshoni yonse yaniseka. Unachitila dala?"

Ndinalumikiza padi ku gemu, kuyesa, ikumenya bwinobwino. Kuyesanso, chimodzimodzi. Mnzawo wina anayamba kuvula wochi, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake.

"Bakamba, akulu anga, yesani mweka nione," ndinatelo, mawu akutuluka ngati a mwana.

Anandilanda padi, n'kusankha womenya woima kumanja kwa sikilini. Pamenepo ndinazindikila vuto. Padi sidziwa kutsogolo, imangosunga kumanja kapena kumanzele. Ine poika ndinali kumanzele, komwe kutsogolo n'kudina kumanja. Kwa iwo, kumeneko kunali kuthawa.

Ndinapempha padi ndi manja awili. Chala chinatelela ndi thukuta, ndinalakwitsa, kuyambilanso. Kachiwili zinasungika: batani lina la kumanzele, lina la kumanja. Ba Mwila anadina, munthu wawo anagwetsa mdani.

"Zikanakanika, sembe lelo wagona kuchipatala," anatelo akuseka. Mnzawo uja anavalanso wochi.

Atatuluka ndinakhala pansi, pa simenti penipeni. Mpaka lelo, kaya ndi bwana wa ku Woodlands kaya ndi mwana wa sukulu, padi yake sindiigwila ndisanafunse kuti, "Mumaima mbali iti?"